Kwa aphunzitsi a ku Katete amene akuzengereza kukwera basi ya ku Lusaka

Sabata yatha ndinalandira kalata ya pa imelo yochokera kwa bambo wina wa ku Katete, mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo andilola kuti ndiwayankhe poyera bola ndisatchule dzina lawo. Mwana wawo wamkazi, amene ndi namwino ndipo amakhala ku Chelstone, anabereka mwana wake woyamba mu June. Mayi a kunyumba anabwera kale kudzathandiza mpaka mwana atatuluka chikuta, koma bambowa akhala akusuntha tsiku la ulendo mwezi ndi mwezi. Ku Lusaka anafikako kamodzi kokha, mu 1987, potsatira makalata a ntchito, ndipo akuti anabwerera kwawo atalumbira kuti sadzapondakonso. Funso lawo analilemba motere: "Ndikumva kuti tsopano anthu achuluka ngati nyerere, akuba ali paliponse, ndipo munthu wamkulu sapatsidwa ulemu. Inu amene mumakhala kumeneko, ndiuzeni mosabisa ngati ulendowu ndi woyenera munthu wa zaka 66, kapena ndingodikira kuti mwanayo adzabwere naye pa Khirisimasi."

Aphunzitsi, mwafunsa munthu woyenera, chifukwa nanenso sindinabwere kuno mwa kufuna kwanga. Anandisamutsa pantchito kuchoka ku Chipata mu 2009, ndipo ndinalemba makalata awiri opempha kuti andisiye kumene ndinali, koma onse awiri sanayankhidwe. Zimene munamvazo sindizitsutsa. Zambiri mwa izo ndi zoona, kungoti amene anakuuzani anaziika pamalo olakwika, ndipo chimene chinandipweteka kwambiri ine m'miyezi yoyamba sanakuuzeni n'komwe.

Za msewu sinditaya nthawi, popeza mumaudziwa. Kuchokera ku Katete ndi makilomita pafupifupi 500, ndipo mukakwera basi ya m'mamawa mumafika kuno dzuwa lisanalowe. Mabasi a kampani ya boma ya UBZ amene munakwera aja anatha kalekale, m'zaka za m'ma 1990, ndipo a masiku ano ali ndi mipando yabwino, ngakhale kuti mapiri a Manenekela akadali omwe aja ndipo kutentha kwa m'chigwa cha Luangwa m'mwezi uno wa October sikunasinthe. Pamsika wa pa mlatho wa Luangwa basi imaima kanthawi. Gulani nsomba zouma pamenepo, mwana wanu adzakondwera nazo.

Lusaka amene munamusiya uja ankayambira chapafupi ndi Chelstone. Wa lero mumayamba kumuona mutangodutsa Chongwe. Minda imene inali m'mbali mwa msewu inadulidwa mapuloti, ndipo kwa makilomita ambiri mudzaona mipanda ya zidina, nyumba zosamaliza zokhala ndi zitsulo zoloza kumwamba, ndi anyamata oumba zidina padzuwa. Kalembera wa 1990 anapeza kuti anthu a mumzinda uno sanafike miliyoni imodzi, pamene wa 2022 anapeza anthu pafupifupi 2.2 miliyoni m'boma la Lusaka lokha, osawerengera a ku Chongwe, Chilanga ndi Kafue amene amalawirira kudzagwira ntchito kuno. Choncho amene anati anthu achuluka ngati nyerere sananame.

Tsiku langa loyamba ndimalikumbukira bwino. Basi inalowa pa Intercity cha m'ma 4 koloko madzulo, ndipo ndisanaponde pansi, manja anayi anali atagwira kale chikwama changa, aliyense akufuula kuti galimoto yake ndiyo ili pafupi. Ndinachikumbatira pachifuwa ngati khanda n'kukakhala pabenchi, mtima ukugunda, kudikira msuweni wanga amene anachedwa ndi maola awiri. Pabenchipo panali mayi wina wachikulire atayika thumba la kapenta pakati pa miyendo. Ndinavula chipewa, ndinaomba m'manja pang'ono monga timachitira kwathu, n'kunena kuti, "Mwaswera bwanji amayi?" Mayiyo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, anakokera thumba lake pafupi, n'kutembenukira kumbali. Pa zonse za tsikulo, phokoso, fumbi, fungo la mafuta a galimoto ndi la ngalande, chimene ndinagona nacho usiku umenewo chinali thumba lija likukokedwa pa simenti. Ndinali nditapereka moni, ndipo moni wangawo unamveka ngati chiyambi cha umbava.

Ichi ndicho chimene sanakuuzeni, aphunzitsi, ndipo ndikuganiza kuti kwa inu chidzakhala cholemera kuposa mmene chinalili kwa ine. Ku Katete simungayende kuchoka kunyumba kufika pamsika popanda kuimitsidwa kasanu ndi anthu amene munawaphunzitsa kugwira pensulo. Kuno mudzayenda pakati pa anthu masauzande popanda ngakhale mmodzi wodziwa kuti munaphunzitsa zaka makumi atatu, ndipo mudzatuluka m'khamulo mukumva ngati simunaoneke. Ndinatenga nthawi kuti ndimvetse kuti si chipongwe ayi. Munthu amene amakumana ndi nkhope zambirimbiri asanafike pantchito sangapereke moni kwa zonse, ndipo anaphunzira kalekale kuti mlendo amene akuyamba ndi ulemu wochuluka kawirikawiri amamaliza ndi kupempha ndalama ya basi kapena kugulitsa mankhwala ochulukitsa ndalama. Mayi uja sanali kudana nane, ankangosamala kapenta wake.

Popeza ndinu mphunzitsi, ndikudziwa kuti mufuna kumva chifukwa chake mzindawu uli wopanikizana chonchi, ndipo chifukwacho chilipo. Malowa anali mudzi wa mfumu ina ya Chilenje dzina lake Lusaaka, ndipo njanji itadutsa mu 1905 anangoikapo kasiteshoni. Boma la atsamunda linasamutsa likulu kuchoka ku Livingstone kubwera kuno mu 1935, ndipo amene anajambula mapulani ankaganiza za mzinda waung'ono wa maofesi, wa misewu yotakata ndi mitengo, wokhalamo azungu ochepa ndi antchito awo. Munthu wakuda ankayembekezeka kubwera ndi chitupa, kugwira ntchito, n'kubwerera kumudzi akakalamba. Koma anthu sanabwerere. Anayamba kumanga m'mafamu ndi m'malo okumba miyala a azungu amene ankawalipiritsa lendi, ndiye chifukwa chake makomboni ena ali ndi mayina odabwitsa monga George, John Laing, John Howard ndi Misisi, amene anachokera kwa eni malo ndi makampani a nthawiyo. Ufulu utabwera mu 1964 chitupa chinatha, anthu anakhamukira kuno, ndipo mpaka lero anthu ambiri a mu Lusaka amakhala m'malo amene nyumba zinayamba kumangidwa misewu ndi mipope zisanaganiziridwe.

Kupanikizana kwa galimoto nakonso kuli ndi gwero lomwelo. Misewu ikuluikulu inayi, wa kum'mawa umene mudzabwerere, wa ku Kabwe, wa ku Kafue ndi wa ku Mumbwa, yonse imathira m'kachigawo kamodzi ka pakati pa tauni, pamene Cairo Road weniweniyo safika ndi makilomita awiri omwe. Kuonjezera apo njanji imadula mzinda pakati, ndipo milatho yowolokera kuchoka kumaofesi a boma kupita kumasitolo ndi yowerengeka. Zaka zaposachedwapa anamanga milatho yodutsa pamwamba ku Munali, ku Arcades, ku Longacres ndi ku Makeni, ndipo yathandizako ndithu, koma m'mawa cha m'ma 7 koloko ndi madzulo cha m'ma 5 koloko munthu woyenda pansi amapitirirabe galimoto. Ine ndinaphunzira kuwerenga nyuzipepala yonse, mpaka zidziwitso za maliro, pakati pa Kaunda Square ndi tauni.

Za akuba ndinena mwachidule, chifukwa nkhani yake imakula kwambiri ikamafika kumudzi. Alipo, ndipo nanenso anandilandapo foni m'chaka changa choyamba, pasiteshoni ina ya mabasi aang'ono, pamene ndinkalankhula nditakhala pampando wa pawindo lotsegula. Dzanja linalowa, foni inapita, basi inanyamuka, ndipo mnyamata amene anakhala pafupi nane anangoti, "Mudala, apa sitikambilapo pa foni." Wakuba wa masana wa mu Lusaka samenya munthu, amangodikira amene wasokonezeka. Amakonda pamene anthu akukankhana polowa m'basi, m'misewu ya Lumumba ndi Freedom Way, ndi m'tinjira ta m'misika ya Soweto ndi City Market. Ndalama zigaweni pawiri, zochepa m'thumba la malaya ndi zina mkati, musatulutse zonse pogula nthochi, ndipo wina akakuuzani kuti mwagwetsa kanthu kapena akufuna kukuonetsani njira yachidule, muthokoze mukuyenda. Usiku musayende pansi kumalo kumene simukukudziwa. Zimenezi n'zokwanira kwa mlendo wa sabata imodzi.

Pa nkhani ya ulemu ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa ndikudziwa kuti makutu anu a mphunzitsi wa Chinyanja adzavutika. Chinenero cha m'misewu ya kuno amachitcha Chinyanja, koma si chimene munkalemba pabolodi. Chinasakanikirana ndi Chinsenga, Chibemba ndi Chingerezi, kotero kuti anthu ndi "bantu", zinthu ndi "vintu", tsopano ndi "manje", makala ndi "malasha", ndipo kondakitala akafuna kuti mutsike adzati "selukani". Ine ndinafika ndi Chichewa changa chakuya, ndipo anzanga a kuntchito ankandiseka kuti ndimalankhula ngati wowerenga nkhani pa wailesi kapena mbusa wa Reformed Church pa ulaliki wa Pasaka. Miyezi yoyamba ndinkawakonza m'mtima, liwu ndi liwu, mpaka kutopa. Ndikupemphani kuti choko chanu muchisiye ku Katete. Mdzukulu wanuyo adzakula akunena "nifuna" m'malo mwa "ndikufuna", ndipo mkamwini wanu mwina ndi wa chinenero china, monga mabanja ambiri a kuno alili.

Koma ulemu weniweniwo sunathe, unangosintha zovala. Mnyamata yemweyo amene akukuwa pakhomo la basi, malaya ali pamtunda, akaona imvi zanu adzakutchani "ba tate" kapena "ba mudala", ndipo kawirikawiri adzauza wina kuti asunthe n'cholinga choti mukhale kutsogolo. Liwu lakuti "ba" limenelo ndilo "a" wathu waulemu. Chimene sadzachita ndi kudikira kuti mumalize kufunsa za kunyumba, chifukwa basi ina ikumulanda anthu.

Pali zinthu ziwiri zimene simunafunse koma ndiyenera kukuuzani, chifukwa ndi zimene ine ndimaziopa kuposa akuba. Choyamba ndi madzi. Mzindawu unakhala pathanthwe la miyala ya laimu, malo athyathyathya, ndipo madzi a pansi ali pafupi kwambiri. Mvula ikagwa mwamphamvu, ku Kanyama ndi madera ena otsika madzi amasowa kopita, amalowa m'nyumba ndi m'zimbudzi zokumba, kenaka n'kusakanikirana ndi a m'zitsime. Ndiye gwero la kolera amene anavuta mu 2017 ndi 2018, ndiponso kumapeto kwa 2023 mpaka kuchiyambi kwa 2024, pamene bwalo la mpira la National Heroes linasandutsidwa chipatala ndipo sukulu zinachedwa kutsegulidwa. Ichi chokha chikundichititsa kunena kuti October ndi mwezi wabwino kubwera kuposa January, ndipo ngati mukudikira Khirisimasi, ganiziraninso za khanda la miyezi isanu ndi umodzi paulendo wa tsiku lonse m'nyengo ya mvula. Chachiwiri ndi magetsi. Chilala cha 2024 chinaphwetsa madzi ku Kariba, ndipo panali masiku amene magetsi ankabwera maola atatu okha, kawirikawiri pakati pa usiku. Inu amene munazolowera mbaula simudzadabwa, koma mudzadabwa ndi mtengo wa makala, ndi kuona anthu akugula ufa m'timapepala tapulasitiki tokwana nsima ya tsiku limodzi, timene kuno amatitcha "pamela". Munthu wochokera kumene nkhokwe ili kuseri kwa nyumba akaona kathumba kameneko amakhala chete.

Mtima wanga unayamba kutembenuka pa maliro, chaka changa chachiwiri. Ndinkachita lendi chipinda ku Mtendere, ndipo mnansi wina amene ndinkangodutsana naye pampope anamwalira usiku. Pofika m'mawa mipando inali itatulutsidwa panja, tenti itakhomedwa, amayi atamanga zitenje ali m'nyumba, abambo tili pamoto panja, ndipo mbale yachopereka inkayenda khomo ndi khomo. Anthu omwe aja amene m'tauni sayang'anana kumaso anagona panja masiku atatu chifukwa cha munthu amene sanali mbale wawo. Pamotopo bambo wina anamva kalankhulidwe kanga n'kufunsa kuti, "Kodi kwanu n'kuti?" Nditatchula mudzi, anafunsa mfunda wanga, ndipo tisanamalize kapu ya tiyi zinapezeka kuti amayi ake anachokera ku Chadiza, mudzi woyandikana ndi wa agogo anga. Tsiku loika maliro ku Chingwere anabwera Abemba, anatipaka ufa kumutu ife a kum'mawa, natinyoza za mbewa pamene ife tinkawabwezera za anyani, monga chimbuya chimalolera, ndipo anthu anaseka pamanda. Apo m'pamene ndinazindikira kuti ndinkafunafuna moni pamalo olakwika. Pa Cairo Road palibe mudzi wa munthu aliyense, onse ndi odutsa. Midzi ili m'makomboni, m'mipingo ndi m'timagulu ta chilimba, ndipo a kwathu adzaza ku Mtendere, ku Kalingalinga, ku Chawama ndi ku Kaunda Square, moti kumapeto kwa August mabasi a kum'mawa amadzaza ndi anthu opita ku Kulamba ku Mkaika, pafupi ndi kwanuko.

Sindikunena kuti ndinayamba kuukonda mzindawu monga ndimakondera Chipata ndi mapiri ake. Lusaka alibe phiri loti munthu aponyepo maso, alibe mtsinje, ndipo mipanda ya m'mayadi ku Kabulonga ndi ku Woodlands ndi yaitali kwambiri moti umayenda msewu wonse osaona khomo la munthu. Zinyalala za m'ngalande zimandinyansabe. Komabe mwezi uno mitengo ya jakaranda imene atsamunda aja anabzala ikugwetsa maluwa ake m'misewu ya kumaofesi a boma, ndipo m'mawa dzuwa lisanakwere ndimadutsa dala kumeneko.

Tsono yankho langa ndi lakuti bwerani, ndipo mwayi wanu ndi wakuti Chelstone ili mbali ya kum'mawa, msewu womwewo umene mudzabwerere. Mukamakwera ku Katete, pemphani kondakitala kuti katundu wanu amuike pafupi ndi chitseko ndipo akutsitseni ku Chelstone, kuti musalowe m'tauni n'komwe. Mwana wanu kapena mkamwini akudikireni pamsewu, ndipo muwaimbire mukangodutsa Chongwe. Mukachita zimenezi, Intercity ndi manja ake anayi aja simudzakumana nazo tsiku loyamba, pamene muli otopa.

Koma musabwerere osaona tauni, chifukwa mudzapitiriza kuiopa ndi kuopseza ena. Sankhani tsiku la pakati pa sabata, munyamuke cha m'ma 9 koloko khamu la m'mawa litachepa, ndipo mupite ndi mkamwini wanu. Mudzadutsa yunivesite, kenaka masitolo aakulu a Manda Hill amene anatsegulidwa mu 1999, ndipo inu mudzamva tanthauzo la dzinalo pamene achinyamata ogula nsapato mmenemo saliganizira. Nyumba yosanja yaitali ya Findeco House mudzaizindikira, ikadali chilili kumapeto kwa Cairo Road, koma mizere ya sopo ndi shuga imene munaiona mu 1987 simudzaipeza, chifukwa tsopano katundu ali paliponse ndipo chosowa ndi ndalama. Lowani ku Soweto kamodzi, m'thumba mulibe zambiri, muone milu ya tomato, kabichi ndi salaula, ndi anyamata a mawilibala akufuula kuti muwapatse njira. Funsani amayi ogulitsa nyemba ndi nsawa kuti katundu wawo wachokera kuti, ndipo mudzamva mayina a Petauke, Lundazi ndi Katete. Kuchoka apo mupite pa Independence Avenue pamene pali chipilala cha munthu wodula maunyolo, chimene ana anu a sukulu ankachiona pa ndalama, kenaka ku Chilenje, kukanyumba nambala 394 kumene a Kenneth Kaunda ankakhala kuyambira 1960 mpaka 1962. Munaphunzitsa za nyumba imeneyi zaka zambiri, ndipo ndikukhulupirira kuti kuchepa kwa zipinda zake kudzakudabwitsani monga kunandidabwitsira ine. Pofika 3 koloko mukhale mutakwera basi yobwerera, misewu isanatsekeke.

Masiku asanu kapena sabata imodzi akukwanirani, popeza mlendo ndi mame, ndiponso nyumba za kuno ndi zazing'ono moti mwina mkamwini wanu adzagona pabalaza kuti inu mupeze chipinda. Tengani ufa woyera wa kumudzi, nsawa za chalimbana zosenda kale, ndi mfutso ngati mayi anasungako, chifukwa zimenezi kuno zimagulidwa ndi ndalama zambiri ndipo sizikoma chimodzimodzi. Nkhuku yamoyo funsani kaye kwa eni basi ngati amalola. Mukafika, uzani mwana wanu andilembere pa imelo yomweyi, ndipo Loweruka masana ndidzabwera ku Chelstone kudzakupatsani moni wa kwathu, wofunsa za kunyumba, za ng'ombe ndi za mvula ya chaka chatha, mpaka tiyi atazizira.